Kupalasa njinga ku Mangochi m'masiku a malamulo a Covid-19 a mu 2021

Malamulo amene Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza pa 17 Januwale 2021 anasintha kayendedwe ka aliyense pa Boma pano pa Mangochi. Malamulowo ankati kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa munthu asapezeke akuyendayenda, misika izitsekedwa 5 koloko madzulo, pamsonkhano pasapitirire anthu 50, ndipo pagulu aliyense avale masiki. Maminibasi anauzidwa kuchepetsa okwera, ndiye chotsatira chake chinali chodziwikiratu: mpando wopanda munthu ankaulipira ndi amene wakwera. Sikuti anatitsekera m'nyumba ayi. Zimenezo zinakanika mu 2020, pamene boma la Peter Mutharika linati dziko lonse litsekedwe masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, mavenda a ku Limbe ndi ku Mzuzu n'kukwiya, Jaji Kenyatta Nyirenda n'kuletsa pa 17 Epulo a bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC atakadandaula kubwalo. Munthu wodya zimene wapeza tsiku lomwelo sungamutsekere pakhomo wopanda chomupatsa. Koma mu Januwale 2021 matendawa anafika poipa. Nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi pa 12 Januwale, ndipo katemera anali asanafike m'dziko muno.

Pa zonsezi njinga yakapalasa ndiyo inatsala ngati mayendedwe amene munthu wamba angawakwanitse, komanso amene samupanikiza malo amodzi ndi anthu ena. Tauni yathu inachita mwayi, ndi yathyathyathya. Kuchoka ku Mpondasi kupita kumsika, kuchipatala chachikulu, kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi mpaka kutsidya ku M'baluku, palibe chitunda choti munthu n'kutsika n'kumakankha. Nawo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ananena mu 2020 kuti kumene kungatheke anthu aziyenda pansi kapena panjinga.

Chimene chinkandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri ankadziteteza posayenera. Munthu ankapukuta mahandulo ndi sanitaiza tsiku lonse, kenako n'kukakhala pansi pa mtengo pa wokonza njinga ola lathunthu, benchi ili yodzaza, masiki ili pachibwano, mkangano wa mpira uli mkati. Kachilomboka kamayenda makamaka ndi mpweya wotuluka m'kamwa ndi m'mphuno, polankhula, poseka ndi potsokomola. Mukamapalasa nokha panja, mphepo imaumwaza mpweyawo. Ngozi ili pamene mwaima n'kuunjikana. Choncho nkhani yonse ya njinga m'nyengo ya mliri ngati imeneyo ndi yochepetsa kuima: njinga isakufereni panjira, musakafole kwa amakaniki pa zinthu zoti mukanakonza pakhomo, ndipo nthawi yoletsa kuyenda isakupezeni mukukankha.

Akabaza vuto lanu ndi lina, chifukwa mita 1 yotalikirana imene azaumoyo amanena m'nyengo ya mliri panjinga palibe. Kasitomala amakhala kumsana kwanu, nkhope yake osafika ngakhale theka la mita kuchoka pamutu panu. Njinga ikamayenda mphepo imachoka kutsogolo kupita kumbuyo, ndiye mpweya wanu wonse, inu amene mukupuma mwamphamvu, umadutsa pankhope pake. Masiki ya wopalasa imateteza kwambiri wokwera. Ya wokwera imateteza inu pamene mwaima, pamene akutsokomola, kapena mphepo ikamachokera kumbuyo. Nonse awiri muvale, ndipo itseke mphuno, pakuti masiki yotseka pakamwa pokha ndi nsalu chabe. Mtengo mugwirizane asanakwere, mutaima motalikirana. Akakwera, chizolowezi chotembenuza mutu kuti mumve zimene akunena chilekeni. Kunena kuti "Amayi, tikambirana tikafika" si mwano. Munthu mmodzi paulendo, kupatula khanda lobereka kumbuyo. Pasiteji njinga ziime motalikirana kutalika kwa njinga imodzi, ndipo kuthamangira kasitomala anthu 5 nthawi imodzi, aliyense akukuwa, ndiye khalidwe loopsa kuposa onse pa ntchitoyi. Mcheyamani wa siteji akonze mndandanda, azinyamula motsatana.

Ndalama yamapepala musaiope mopitirira. Landirani, ikani m'thumba lake, musagwire kumaso, ndipo musanadye sambani ndi sopo masekondi 20. Kabotolo ka theka la lita ka madzi a sopo, koboola pachitsekero ndi msomali, kamangiriridwa pa felemu ndi malegeni ndipo kamakwana tsiku. Amene ali ndi Airtel Money kapena TNM Mpamba alipire pafoni ngati mwagwirizana, koma pa ulendo waufupi ndalama yodula potapa imadya phindu, ndiye musakakamizane.

Palinso ulendo umene kabaza sangaukane, wonyamula wodwala. Kumidzi yozungulira tauni ino ambulansi yoyamba ndi njinga. Wodwala akakhala kuti akutentha thupi, akutsokomola kapena akubanika, muvekeni masiki ngati angathe kupuma nayo, inunso muvale yowuma, ndipo musaime panjira. Ngati sangathe kudzigwira yekha musamukweze pakeliyala, adzagwa. Funani galimoto kapena njinga ya ngolo. Musananyamuke mungathe kuimbira a Chipatala Cha Pa Foni, akuuzeni chochita. Mukamutula sambani m'manja, sinthani masiki, ndipo masiku otsatirawo muzidzimvetsera m'thupi.

Masiki ndi kutentha kwa kuno sizigwirizana, zimenezo tisabise. Januwale ndi dzinja, chinyontho chili m'mwamba, ndipo munthu wopalasa katundu masiki imanyowa ndi thukuta pasanathe maola 2. Ikanyowa imamatirira pamphuno, mpweya umayamba kutulukira m'mbali, ndipo sikugwiranso ntchito. Tengani masiki 3 pa tsiku ndi timajumbo 2, kena ka zowuma, kena ka zogwiritsa kale. Ya nsalu ikhale ya magawo 3, yosokedwa motukuka pang'ono pakamwa kuti isalowe m'kamwa pokoka mpweya. Atelala a pamsika akudziwa kasokedwe kake mukawafotokozera. Madzulo chapani ndi sopo, yanikani padzuwa kapena sitani. Mukakhala nokha pamsewu wopanda anthu, monga kupitirira kunja kwa tauni cha ku Malindi, kupuma momasuka kulibe ngozi ya matenda, koma lamulo la nthawiyo linkati pagulu muvale, ndipo chindapusa chimene chinaikidwa mu Ogasiti 2020 chinali K10,000. Ikhale pafupi, muivale musanafike pa anthu, osati mutawafika.

Za kolorini ndikhalepo pang'ono, chifukwa amawononga njinga. Wopukutira zinthu amafunika mphamvu ya 0.1 peresenti. Jik wa m'botolo amakhala 3.5 peresenti, ndiye muyezo wake ndi gawo 1 la Jik pa magawo 34 a madzi, kapena kuti masipuni aakulu 2, omwe ndi 30 ml, mu lita 1. Sungunulani watsiku lomwelo, chifukwa akagona kapena akakhala padzuwa amatha mphamvu, ndipo musamusakanize ndi mankhwala ena alionse. Koma kolorini amadya chitsulo. Mukamwaza njinga yonse, pakatha sabata zochepa masipoko, tcheni ndi limu zimayamba dzimbiri, ndipo sipoko yadzimbiri imaduka pamene mwanyamula katundu. Malo ogwiridwa ndi manja ndi ochepa: mahandulo, zogwirira mabuleki, kachitsulo kogwira kasitomala kuseri kwa chishalo, ndi khushoni. Amenewa apukuteni ndi kansalu konyowa, dikirani mphindi imodzi, pukutaninso ndi madzi okha. Kunena zoona madzi a sopo amakwana, ndipo sawononga kanthu. Sanitaiza sungirani manja. Pa khushoni ya pulasitiki amaiumitsa mpaka kusweka.

Tsopano nthawi. Njinga yonyamula katundu pa msewu wa tala imayenda makilomita 12 mpaka 15 pa ola. Pa mchenga kapena matope chotsanipo theka. Monkey Bay ili pa mtunda wopitirira makilomita 60, ndiye wokapikula nsomba kumeneko akuyang'ana maola 5 opalasa ulendo umodzi, osawerengera kupuma. Ulendo wotere unali wovuta kwambiri kupita ndi kubwera pakati pa 5 koloko m'mawa ndi kutseka kwa msika. Wa ku Makawa kapena ku Koche unkatheka. Powerengera nthawi yobwerera onjezani ola lathunthu la tayala lakuphwa kapena mvula. Ndipo malire enieni sanali 9 koloko, anali mdima, umene mu Januwale umagwa 6 koloko itangopitirira. Pakati pa 6 ndi 9 koloko ndi pamene msewu wa M3 ndi wa ku Monkey Bay inkaopsa kwambiri, chifukwa madalaivala onse ankathamangira kukafika lamulo lisanawagwire, m'mbali mwa tala ndi modyeka, ndipo wanjinga wopanda nyale saoneka mpaka galimoto itamufika. Tochi ya mabatire kutsogolo, lifulekita yofiira kumbuyo, malaya owala. Yendani kumanzere, osati moyang'anizana ndi magalimoto. Mukamva lole kumbuyo pamene kutsogolo kukubweranso ina, tsikani pa tala msanga mwa kufuna kwanu, mutachepetsa liwiro, chifukwa kutsika mokankhidwa pa liwiro ndi kumene kumagwetsa anthu pa mchenga wa m'mbali. Pa mlatho musaime kucheza kapena kusinthana katundu. Amene anali ndi wodwala usiku n'kukakamizika kutuluka, ankayenera kutenga buku la kuchipatala la wodwalayo, ndilo linkamuyankhulira pa apolisi.

Chimene chimaimitsa njinga kawirikawiri ndi tayala. Musanamate, dziwani chimene chaboola, apo ayi mumata kawiri. Popani chubu, chiviikeni m'beseni la madzi, muone pomwe pakutuluka thovu. Chizolowezi choyandikiza chubu pamilomo kuti mumve mpweya, kapena kupaka malovu pa valavu, chisiyeni m'nyengo ya mliri, makamaka pa njinga ya munthu wina. Madzi a sopo aja amaonetsa bwino kuposa malovu. Bowo likakhala limodzi kunja kwa chubu, ndi minga ya ncheso kapena ya mthethe, kapena kawaya ka matayala owotchedwa. Yendetsani kansalu m'kati mwa tayala kuti kakodwe pa mingayo, muizule. Mabowo akakhala awiri ofanana ngati mano a njoka, limu yatsina chubu chifukwa mpweya unali wochepa pamene munagunda dzenje kapena mlomo wa tala. Bowo likakhala m'kati, mbali yoyang'ana limu, ndi mutu wa sipoko umene watulukira. Upaleni ndi fayilo, ndipo limu muikulunge ndi lamba wodula ku chubu chakale. Nthawi zina chubu chilibe vuto, chatha ndi kalabala ka valavu. Masulani kanati, solani kachitsulo ka m'kati, muone ngati kalabalako kang'ambika. Kutentha kwa kuno kumakaumitsa msanga, ndiye muziyenda ndi kapadera.

Kumata kumalephereka pa zifukwa ziwiri, dothi ndi changu. Pukutani pabowopo pawume, palani ndi sandipepa malo okulirapo kuposa chigamba, ndipo musagwirepo ndi chala. Pakani solushoni wochepa, wopyapyala, n'kudikira mphindi 5 mpaka asiye kunyezimira. Ambiri amamata akadali wamadzi, chigamba n'kumatuka tayala likangotentha pa tala masana. Ngati chigamba mwadula ku chubu chakale, chipaleni nachonso, chipakeni solushoni, ndipo makona ake muwadule mozungulira. Kanikizani mwamphamvu ndi chogwirira sipanala kuchoka pakati kupita m'mbali. Pobwezera, ikani kampweya pang'ono m'chubu kuti chisapindike, yambirani pa valavu, ndipo gawo lomaliza la tayala mulowetse ndi manja. Sikuludiraiva ndiyo imaboola chubu chimene mwangomata kumene. Tayala la njinga zathu zakale zija, za mtundu wa Hero, Humber kapena Phoenix, ndi la 28 x 1½, pamene Buffalo ndi njinga zamagiya zambiri ndi 26. Machubu ake sasinthana. Popani mpaka chala chachikulu chisalowe mukakanikiza, koma njinga yopopa kwambiri musaisiye padzuwa masana, iimikeni pamthunzi. Pampu yanuyanu ndi chinthu choyenera kugula, chifukwa imakuchotsani pa mzere wa anthu kangapo pa sabata.

Mabuleki a ndodo, ogwira pansi pa limu yachitsulo, amagwira bwino kukawuma. Limu ikanyowa amaterera kaye mpaka madzi atapukutika, ndipo mtunda woimira umatalika kangapo. Mvula ikamagwa kapena mukatuluka m'chithaphwi, gwirani buleki pang'onopang'ono mukuyenda kuti limu iwume musanafune kuimadi. Malabala akhale mamilimita 2 kapena 3 kuchoka pa limu. Akatalikira, masulani nati ya pa ndodo, kwezani chitsulo chonyamula malabala, mangani. Taonetsetsani kachitsulo kosunga labala: mbali imodzi ndi yotseka, ina yotsegula. Yotsekayo iyang'ane kumene limu ikulowera poyenda, ndiko kuti kutsogolo. Mukatembenuza, tsiku limene mudzagwire mwamphamvu labala lidzasololoka n'kuuluka, inu n'kutsala ndi chitsulo chokha. Mchenga umalowanso m'labala n'kumapala limu, ndiye mukamva kukwecha tulutsani timiyalato ndi nsonga ya mpeni.

Amene mumatsika kuchokera ku Namwera kudzera ku Chowe ndi matumba a chimanga, nandolo kapena makala, phiri limenelo si la tauni. Kugwira buleki osalekeza kumatenthetsa limu ndi malabala, ndipo pa Buffalo, imene buleki yake ili m'habu (chitsulo cha pakati pa wilo) ya kumbuyo n'kugwira popondera mmbuyo, habuyo imatentha mpaka girisi kusungunuka. Pa makona otsetsereka kwambiri tsikani muyende nayo. Kuponda tayala ndi chidendene sikuimitsa njinga ya makilogalamu 100 a katundu.

Mdani wamkulu wa njinga ku Mangochi ndi mchenga. Ukasakanikirana ndi oyilo umapera tcheni ndi mano a giya tsiku lililonse. Tcheni chonyowa ndi oyilo kunja si chosamalidwa, ndi chokola mchenga. Kamodzi pa sabata m'dzinja chitsukeni ndi palafini ndi mswachi wakale, chiwume, kenako dontho limodzi la oyilo wa injini watsopano pa mfundo iliyonse, zungulizani mapedulo, ndipo pukutani wa kunja yense ndi sanza. Oyilo wokhetsedwa m'galimoto ali ndi tizitsulo, ndipo mafuta ophikira amauma n'kumata. Tcheni chizisewera sentimita 1 kapena 1.5 mukachikankha pakati. Chikalenda chimagwa, ndipo chikathina kwambiri chimadya mabelingi. Pochikoka masulani manati a ekiselo ndi sipanala 15, mangani tinati ta kumbuyo mofanana mbali zonse ziwiri kuti wilo likhale pakati, kenako mangani ekiselo, n'kuonanso buleki ya kumbuyo chifukwa wilo lasuntha. Kuti mudziwe ngati chatha, yezani mfundo 24. Chatsopano ndi masentimita 30.5. Chikapitirira ndi mamilimita 3 chatha, ndipo chikudya fuliwilo, giya ya pa wilo la kumbuyo. Kudula mfundo kuti chithine sikuchiritsa, kumangobisa. Kaloko kolumikizira tcheni, mbali yake yotseka iyang'ane kumene tcheni chikupita.

Njinga musaitsukire m'nyanja kapena mu Shire poiviika. Madzi amalowa m'mahabu ndi mchenga womwe, girisi n'kusanduka phala. Kuonjezera apo m'madzi odekha a m'mbali muli likodzo, ndipo mu Shire muli ng'ona. Ndowa ndi sanza pakhomo zimakwana. Onyamula nsomba zaziwisi, madzi odontha m'dengu amagwera pa keliyala, pa habu ndi pa masipoko a kumbuyo. Yalani pulasitiki pansi pa dengu, ndipo madzulo tsukani ndi madzi abwino.

Habu muiyese motere: nyamulani wilo, ligwedezeni cham'mbali. Likamagogoda, makoni (tinati togwira mabelingi pa ekiselo) amasuka. Likamazungulira mokwecha, mwalowa mchenga kapena mabelingi asweka. Pomasula yalani nsalu pansi kuti timipirato tisatayike mumchenga. Pa njinga zambiri habu ya kumbuyo imakhala ndi timipira 9 mbali iliyonse ta saizi ya 1/4, ya kutsogolo 10 mbali iliyonse ta 3/16, ndipo pakati pa mapedulo 11 mbali iliyonse ta 1/4. Werengani tanu pochotsa. Sinthani tonse nthawi imodzi, osasakaniza takale ndi tatsopano, dzazani girisi, ndipo koni muimange mpaka kugogoda kuthe koma wilo lizizungulira lokha. Koni ikakhala ndi timaenje pomwe timipira timayenda, nayonso yatha. Zipangizo zambiri za njinga zimachokera ku India ndi ku China, ndipo ndi mmene malire ankavutira mu 2021 si nthawi zonse munthu ankapeza habu yatsopano m'sitolo. Girisi wa ndalama zochepa lero amapulumutsa habu yonse.

Masipoko amaduka kwambiri kumbuyo, mbali ya fuliwilo, pa khosi pomwe apindikira. Imodzi ikaduka, anzake oyandikana nayo amasenza katundu wake, ndipo pakatha masiku ochepa aduka 3, limu yapindika. Musayende nayo, isintheni tsiku lomwelo, ndipo pogula tengani yodukayo kuti mufananitse kutalika. Ya mbali ya fuliwilo imafuna kuchotsa fuliwiloyo, ndiye pamenepo pitani kwa makaniki. Musiyireni njinga, mugwirizane nthawi, mukaitenge, osakhalapo. Kuwongola limu kwapang'ono mungathe nokha. Zondotsani njinga, zungulizani wilo, muone pomwe limu ikupatukira. Ikapatukira kumanja, mangani masipoko ochokera kumanzere kwa habu pamalopo, n'kumasula pang'ono a kumanja, kotala ya kuzungulira basi nthawi iliyonse. Wopupuluma amamanga kwambiri, limu n'kukhala ndi linunda, ndipo pa mabuleki a ndodo linunda limeneli limachititsa buleki kugwira modukizadukiza.

Pedulo ikamagwa pang'ono pa kuzungulira kulikonse, ndi kotapini, kachitsulo komangira mkono wa pedulo ku ekiselo yake. Ikangoyamba kumasuka imadyeka msanga, ndipo imakulitsa bowo la mkono wa pedulo. Kotapini imalowa ndi hamala, mutachirikiza mkonowo pansi ndi chitsulo kapena mtengo kuti nkhonyayo isagwere pa mabelingi. Nati yake ndi yongosunga. Mukaikoka ndi nati, mazinga amatha. Ziwirizo ziyang'ane mosiyana, ina nati m'mwamba pamene inzake nati ili pansi, kuti mikono ikhale pa mzere umodzi. Pedulo ya kumanzere mazinga ake ndi otembenuka, imamasuka pozunguliza mbali imene zinthu zina zimamangira. Ambiri athyola sipanala posadziwa zimenezi.

Poti misika inkatseka msanga, chiyeso chinali chonyamula katundu wa maulendo awiri pa ulendo umodzi. Keliyala ya Buffalo inapangidwira makilogalamu 100, omwe ndi matumba 2 a chimanga. Keliyala yowotcherera kwa amisiri athu ingapirire zoposa apo, koma chimene chimagonja ndi masipoko, ekiselo ndi mabuleki. Ekiselo ikapindika wilo limayenda mopotoka ndipo makoni sakhazikikanso. Katundu wolemera akhale pamwamba pa ekiselo kapena kutsogolo kwake pang'ono. Akapitirira kumbuyo, wilo la kutsogolo limapepuka, pa mchenga njinga n'kukana kukhota. Zigubu za malita 20 zimalemera makilogalamu 20 chilichonse, ndipo zimayenda bwino zikalendewera mbali zonse ziwiri mofanana kusiyana ndi kusanjikiza m'mwamba. Chigubu chosadzaza chimakankha njinga pokhota chifukwa madzi amasewera. Malegeni awoneni ming'alu musanakoke, ndipo pokoka nkhope ikhale kumbali, pakuti akaduka amalunjika m'maso. Nsonga yotsala muipinde, isalendewere pafupi ndi masipoko. Katundu wotambalala ngati mikeka, nsungwi kapena madengu a usipa wouma, m'lifupi mwake musapitirire kwambiri mahandulo ngati mukudutsa pa mlatho kapena pakati pa msika. Wogula zapakhomo, lembani zonse za sabata mugule kamodzi, m'mawa anthu asanachuluke, njinga muikhome ndi loko pa chinthu chokhazikika kudzera pa felemu, osati pa wilo lokha.

M'kathumba ka pansi pa chishalo musasowe pampu, solushoni, zigamba, sandipepa, kalabala ka valavu, sipanala 10, 13 ndi 15, pulayala, kaloko ka tcheni ndi kotapini imodzi. Solushoni akatsegulidwa amauma m'kati mwa chubu chake ndi kutenthaku, ndiye muzimuyesa pakhomo.

Chotsala ndi thupi la wopalasa. Masiki imachititsa munthu kuiwala kumwa madzi. Imwani pafupifupi theka la lita pa ola lililonse lopalasa padzuwa, m'botolo lanulanu, osapatsirana. Mkodzo ukafiira, mutu n'kumawawa, miyendo n'kumakokana, madzi ndi mchere zachepa m'thupi. Paketi 1 ya Thanzi mu lita 1 ya madzi abwino imabwezeretsa. Kuno kutentha thupi m'dzinja timathamangira kunena kuti ndi malungo, ndipo nthawi zambiri amakhaladi malungo, koma Covid-19 imayambanso chimodzimodzi, ndipo munthu angathe kudwala zonse ziwiri. Mukamva kuphwanya m'thupi, chifuwa, kapena mwasiya kumva fungo ndi kukoma kwa chakudya, musanyamule munthu tsiku limenelo. Kayezetseni. Ndikudziwa kuti kwa kabaza tsiku losagwira ntchito ndi tsiku losadya, n'chifukwa chake ndalama zimene masiteji amasonkherana za maliro ndi ngozi ziyenera kuthandizanso mnzanu amene wauzidwa kukhala pakhomo. Popanda zimenezo adzabisa matenda n'kubwera pasiteji, ndipo simungamunene.

Amene wachira asathamangire katundu. Matendawa amasiya mapapo ofooka, ndipo kwa ena amakhudza mtima. Dikirani mpaka mutakhala sabata yathunthu opanda zizindikiro, kenako yambani ndi mphindi 15 zopalasa njinga yopanda kanthu pamalo athyathyathya, m'mawa kusanatenthe. Onjezerani pang'ono tsiku lililonse, ndipo munthu kapena thumba munyamule sabata yachiwiri ngati thupi likulola. Mukamva kuwawa pachifuwa, mtima ukugunda mosalongosoka, chizungulire, kapena kubanika pa mtunda umene kale munkadutsa mukuyankhula, tsikani pomwepo, ndipo tsiku lomwelo mukaonane ndi adokotala kuchipatala.